Maziko Okumbidwa Kanayi

1. Mapepala a amalume

Anzake ankamutcha Kapensulo, chifukwa tsiku lonse ankayenda atasomeka kapensulo kakafupi m'tsitsi. Anali Fomu 3. Ankakhala ndi amalume ake m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika, ndipo amalumewo anali mesenjala ku ofesi ya boma ya zomangamanga.

Ntchito ya umesenjala musaipeputse. Amalume ndiwo ankalandira makalata pakhomo la ofesi, ndiwo ankakhoma zidziwitso pabolodi la panja, ndipo masiku a chidziwitso akatha ndiwonso ankachikhomola. Mapepala okhomolawo kwawo kunali kudzala. Koma amalume, munthu wosataya ngakhale chingwe cha nsapato, ankawapinda bwinobwino n'kubwera nawo kunyumba.

"Kuseriku n'koyera," ankatero. "Uzilembapo masamu ako. Makope adula."

Amayi ake a Kapensulo anali namwino, mzamba wothandiza amayi pochira. Zaka zinayi zapitazo anawatumiza kuchipatala chaching'ono chakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Kumeneko kunalibe sekondale, ndipo anamwino awiri ankagona chipinda chimodzi, n'chifukwa chake mwanayo anatsala. Koma asananyamuke, akuluakulu anawalembera kalata yakuti chipatala chatsopano cha kumtunda kwa msika chikangotha, adzabwerera kudzagwira ntchito pamenepo, ndipo adzapatsidwa imodzi mwa nyumba za anamwino.

Tisabise, mwanayu ankawasowa amayi ake koopsa. Ankasowa manja awo onunkhira sopo wa kuchipatala, ankasowa kumuluka tsitsi Loweruka, ankasowa ngakhale kukalipa kwawo. Amayiwo ankabwera kamodzi pachaka, masiku asanu okha. Chaka chathachi sanabwere n'komwe, poti mnzawo anadwala ndipo panalibe womusiyira odwala.

Chimene chinatsala ndi foni ya Lamulungu masana, pa kafoni ka mabatani ka amalume. Ndipo nthawi zonse amayi ankatsiriza ndi funso limodzi.

"Chafika pati chipatala chathu?"

"Chili pomwe paja, amayi."

Pomwe pajapo panali pamaziko. Zaka zinayi zonsezi khoma silinakwere ngakhale njerwa imodzi.

2. Uthenga wabwino

Lachitatu lina amalume anafika akuimba mluzu, chinthu chimene sankachita ngakhale pa malipiro.

"Iwe Kapensulo, siya mbalezo. Bwera udzawerenge ichi. Anasindikiza awiri, limodzi ndakhoma, ili ndakutengera."

Linali pepala la tenda. Kwa amene simukudziwa, tenda ndi mpikisano. Boma likafuna kumanga, makampani amalemba mitengo yawo n'kuponya m'bokosi, ndipo yopambana imalengezedwa pabolodi pamodzi ndi mtengo wake, kuti aliyense aone kumene ndalama za misonkho zikupita. Pepalali linkanena kuti kampani yomanga chipatala yapezeka. Ntchito iyamba mwezi wamawa, ndipo itha m'miyezi khumi.

Kapensulo anawerenga kawiri, kenako anayamba kupinda zala. Miyezi khumi. Ndiye kuti mayeso a Fomu 4 adzalemba amayi ake ali pompano, akumudzutsa okha m'mawa. Anavina ndi pepalalo kuzungulira tebulo mpaka anagunda ketulo, ndipo amalume anaseka osakalipa.

Pansi penipeni pa pepalalo panali timalemba ting'onoting'ono. Tinkati aliyense amene ali ndi funso kapena dandaulo alembe kalata pasanathe masiku khumi ndi anayi, ndipo kalata yotero ikafika ntchito idzayembekeza mpaka funsolo liyankhidwe. Tsiku limenelo Kapensulo sanatiwerenge.

3. Mapepala anayi patebulo

Loweruka m'mawa anafuna kusunga pepala lija m'katoni yake ya masamu. Pokoka katoniyo kunsi kwa bedi, pansi pake panang'ambika, mapepala onse n'kumwazika. Ena anagwa chafufumimba, ena chagada. Ndipo limodzi mwa ogwa chagadawo linali ndi mutu wofanana ndendende ndi pepala latsopano lija.

Zaka zinayi akulemba kuseri, mwanayu anali asanatembenuzepo pepala n'kamodzi komwe. Inunso ana a sukulu muli choncho, mumawerenga chokhacho chimene chidzabwere pa mayeso.

Anakhala pansi n'kutembenuza onse, limodzilimodzi. Anapeza atatu a chipatala chomwecho, lililonse la chaka chake ndiponso kampani yake. Anawayala patebulo motsatana, latsopano lija kumapeto.

Loyamba linkati mamiliyoni 80, zipinda khumi ndi ziwiri, nyumba za anamwino zitatu. Lachiwiri mamiliyoni 120, zipinda ndi nyumba chimodzimodzi. Lachitatu mamiliyoni 190, koma zipinda khumi ndi nyumba ziwiri. Latsopanoli linkati mamiliyoni 280, zipinda zisanu ndi zitatu, nyumba imodzi.

Anasolola kapensulo kake n'kuwerengetsa monga anaphunzirira m'kalasi. Mtengo unali utakwera katatu ndi theka, pomwe chipatala chinkachepa chaka ndi chaka. Ndipo pa mndandanda wa ntchito, pa mapepala onse anayi, mzere woyamba unali umodzimodzi: kukumba ndi kuthira maziko.

Kapensulo sanathamangire kuganizira anthu zoipa. Zinthu zimakweradi mitengo, ndani sadziwa? Choncho anapita kumsika, kwa mayi wa sitolo ya zipangizo zomangira, n'kuwapempha kuti amuuze mtengo wa simenti wa zaka zinayi zapitazo.

"Ukufuna kumanga, mwanawe? Wakwatiwa liti?" anatero mayiwo, uku akufunafuna buku lawo lakale.

"Ayi, ndi masamu chabe."

Mayiwo ananyowetsa chala n'kutsegula masamba. Simenti inali itakwera kawiri. Malata kawiri ndi pang'ono. Misomali ndi matabwa sizinafike n'komwe kawiri.

"Palibe chimene chakwera katatu ndi theka?"

"Pasitolo pano? BP yanga yokha," anatero mayiwo, n'kutseka buku.

4. Agogo a pamaziko

Masana anakwera kumtunda. Malowo ankawadziwa bwino, poti nthawi zambiri pochokera kusukulu ankakhota kudzaima pamenepo, n'kumasankha ndi maso pomwe padzakhale nyumba yawo. Mpanda wa malata unali utagwa mbali imodzi. Zikwangwani zitatu za makampani atatu zinali zitatsamirana pakona, utoto utasuluka.

Mlonda wa pamalopo anali nkhalamba yoonda, yomwe masana inkasoka nsapato za anthu itakhala pa njerwa. Kale inali mmisiri womanga.

"Wabwera, mwana wa anamwino. Wamva kuti akuyamba?"

"Ndamva, agogo. Koma ndili ndi funso. Maziko awa anakumbidwa kangati?"

Nkhalambayo inasiya nsapato. Inamuyang'ana mwanayo, n'kuyang'ana mapepala amene anali m'manja mwake.

"Kamodzi. Ndinalipo, ndipo konkire wake ndinasakaniza ndi manja awa. Bwera kuno."

Anayenda pamwamba pa mazikowo mpaka mbali ya kum'mawa, komwe udzu unali utafika m'chiuno. Mlondayo analoza zipinda zinayi ndi ndodo yake. Apa, anatero, pankayenera kukhala pochirira amayi, apo podikirira, ndipo ziwirizo za ana obadwa kumene. Kapensulo anayang'ana pa pepala latsopano. Mayina a zipinda zinayizo panalibe.

Atabwerera pa njerwa paja, mlondayo anayankhula nthawi yaitali.

"Tamvera, mdzukulu wanga. Ine ndamanga zaka makumi anayi, ndipo ndikuuza kuti nyumba ya boma siibedwa ndi chikwanje ayi. Imabedwa ndi cholembera, dzuwa likuswa mtengo, pepala lake lili pabolodi pomwe aliyense akudutsa. Kampani yachiwiri inabwera ndi mchenga malole awiri, inajambulitsa zithunzi, inapita. Yachitatu inabwera ndi chikwangwani chokha. Ngati analandira ndalama za maziko kapena ayi, ine sindidziwa, ndipo iwenso sudziwa. Choncho usamutche munthu wakuba usanaone ndi maso ako. Kunamizira munthu n'koipa ngati kuba komwe. Koma kufunsa si kutukwana. Ndalama zimenezi ndi zathu. Mayi wogulitsa tomato kumsika amalipira chiphaso tsiku ndi tsiku, amayi ako amawadula msonkho mwezi ndi mwezi, iwenso ukagula kope umalipira osadziwa. Mwini chinthu akafunsa za chinthu chake, walakwa chiyani? Ife akuluakulu tinaona, tinang'ung'udza, tinapita kukagona. Ine sindidziwa kulemba kalata ya ku ofesi, ndipo manyazi ake ndili nawo. Koma ndisakunamize, mwanawe. Funso limadula. Ukalifunsa, udzalipira ndiwe, ndipo amene adzapindule mwina sadzakudziwa n'komwe."

Atatero anatola nsapato ija n'kupitiriza kusoka.

5. Chenjezo la amalume

Madzulo, atatha kudya, Kapensulo anayala mapepala aja pamaso pa amalume. Anawaonetsa mitengo, zipinda, ndi mzere wa maziko. Kenako analoza timalemba ta pansi tija, tomwe tsopano anali atatiwerenga mpaka kutiloweza.

Amalume anadzuka n'kukatseka chitseko, ngakhale kunja kunali kusanade.

"Khala pansi, mwana wa mlongo wanga, undimvere bwino. Ukuganiza kuti ine sindiona? Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikukhoma mapepala amenewa. Ndimaona, koma ndimaona ndi maso, osati ndi pakamwa. Ndi pakamwa potsekapo pomwe ndakulipirira sukulu. Zanditsalira zaka zitatu kuti ndipume ndi penshoni yanga. Akadzafunsa kuti mwana wa sukulu mapepala a zaka zinayi anawatenga kuti, udzati chiyani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake pano ndi ine. Koma za ine zisiye, ndine wamkulu, ndidzaona chochita. Taganiza za iwe mwini. Malamulo ndimawadziwa. Kalata ikangolowa, ntchito imaima. Amaitana ofufuza, ofufuza amatenga miyezi, kenako tenda imayambiranso pachiyambi. Ndinaona mlatho wina ukudikira zaka zitatu chifukwa cha kalata ya tsamba limodzi. Nyumba ya anamwino yatsala imodzi, ndipo dzina lolembedwa poyamba ndi la amayi ako. Ukakhala chete, miyezi khumi ali pano. Ukalemba, udzalemba mayeso uli wekha, mwinanso udzapita kukoleji asanabwere. Ndimakumva ukulira Lamulungu lililonse foni ikatha, usaganize kuti khomali ndi lochindikala. Zipinda zisanu ndi zitatu si chipatala kodi? Sunga khosi, mwanawe, mkanda woyera udzavala. Dziko sudzalikonza ndi kapensulo."

Kapensulo anasonkhanitsa mapepala ake, ndipo misozi inagwera pa pepala lachitatu lija. Mawu a amalume anali oona, ndipo n'chifukwa chake ankapweteka.

6. Makatani

Lamulungu loyamba Kapensulo sanawauze amayi ake za mapepalawo. Lamulungu lachiwiri, kutatsala masiku atatu okha, foni inalira nthawi yake yomwe ija.

Amayi anali osangalala ngati mwana. Anati ayamba kale kulongedza timabuku tawo. Anati wogulitsa nsalu anadutsa, ndipo agula makatani a mazenera atatu, obiriwira, a timaluwa toyera.

"Chipinda chako udzasankha wekha. Ndipo tsitsi lakolo, ndamva kuti umangolimanga ngati mtolo wa nkhuni. Ndidzathana nalo."

Kapensulo anaseka.

"Mwatopa, amayi. Mawu anu akumveka."

"Ndatopadi, mwana wanga. Dzulo amayi atatu anabwera nthawi imodzi. Bedi lochirira n'limodzi. Wina ndinamuthandizira m'chipinda chosungira mankhwala, pakati pa makatoni. Wachitatu pakhonde, titatchinga ndi nsalu, anthu akudutsa. Mwana wake tinamuvutikira kwambiri, koma ali moyo. Akuti chipatala chino papepala chinali cha zipinda khumi. Anamanga zinayi, analandira makiyi, anaomba m'manja. Palibe anafunsa. Tsopano ndi zaka khumi ndi zisanu, ndani adzabwerenso kudzawonjezera? Koma kwathuko zidzakhala bwino. Pulani yake ndinaiona ndisanachoke, mbali yonse ya kum'mawa ndi ya amayi ndi ana. Ndidzagwira ntchito ngati munthu."

Kapensulo anayang'ana mapepala anayi aja patebulo. Amalume anali chilili pakhomo, akuyang'ana pansi.

"Uli pomwepo?"

"Ndili pompano, amayi. Ndakusowani."

"Inenso, mwana wanga. Limba mtima, yatsala miyezi khumi yokha."

7. Buku la makalata

Analemba kalatayo Lachiwiri, nthawi yopuma, pa pepala lothothola pakati pa kope. Sanatchule munthu wakuba. Analemba mafunso atatu basi. Chifukwa chiyani mtengo wakwera katatu ndi theka pomwe zipangizo zakwera kawiri? Zipinda zinayi ndi nyumba ziwiri zapita kuti? Nanga maziko amene alipo kale akumbidwanso bwanji? Pansi anakopera mitengo ya zaka zonse zinayi, nasaina dzina lake ndi kalasi yake.

Lachitatu, tsiku lomaliza, ataweruka anapita ku ofesi ali mu yunifolomu. Panjira anabwerera kawiri. Ulendo wachiwiri anafika mpaka pa sitolo ya simenti ija, anaima, kenako anatembenukanso. Anafika pa ofesi kutatsala theka la ola kuti atseke.

Chimene sanachiganizire n'chakuti kalata iliyonse yolowa mu ofesi imeneyo inkayamba yadutsa pa tebulo la mesenjala. Amalume anali pamenepo, mu yunifolomu yawo ya kaki, patsogolo pawo pali buku lalikulu la makalata ndi chidindo.

Anayang'anana. Pabenchi panali anthu awiri odikira, choncho amalume anayankhula ngati akuyankhula ndi mlendo.

"Tikuthandizeni?"

"Ndabweretsa kalata. Ya tenda ya chipatala."

Anailandira ndi manja awiri. Akanatha kuilowetsa m'thumba, ikanathera pomwepo, ndipo palibe akanadziwa. Koma pa zaka makumi awiri ndi ziwiri amalume anali asanasowetsepo kalata ya munthu. Anatsitsa mawu.

"Tamva, Kapensulo. Ndisanalembe m'bukumu, kalatayi ndi yako, ukhoza kubwerera nayo. Ndikangolemba, ndi ya boma. Ngakhale ine sindingaitulutsenso. Amayi ako agula makatani."

"Ndikudziwa, amalume."

"Ndiye nditani?"

Mwanayo anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Lembani, amalume."

Amalume anavala magalasi awo. Analemba tsiku, nthawi, nambala ya kalata ndi dzina la wobweretsa, pang'onopang'ono, ndi zilembo zawo zopendekera. Anadinda chidindo pa envelopu, anadindanso pa kapepala kena n'kumupatsa.

"Ichi ndi umboni wakuti yalandiridwa. Musataye," anatero mokweza. Kenako ananyamula kalatayo n'kulowa nayo mkati, osacheuka.

8. Ndikubwera

Patatha masiku asanu ndi anayi, amalume omwewo anakhoma pepala lina pabolodi. Linali lalifupi. Ntchito yomanga chipatala yaimitsidwa kufikira mafunso amene alandiridwa atafufuzidwa. Tsiku loyambiranso sanalembe.

Mbiri siigona panjira. Pofika Loweruka msika wonse unali utadziwa kuti ndi mwana wa anamwino. Mayi wa simenti anamukodola n'kumupatsa makope awiri. Koma anyamata amene ankayembekeza ganyu yonyamula njerwa anamukuwiza podutsa, ndipo mayi wina woyembekezera anamufunsa pamaso pa anthu ngati iyeyo ndiye adzamunyamule kupita naye kuchipatala chakutali tsiku lake likadzafika. Kapensulo anafika kunyumba n'kudzigwetsa pabedi, osavula nsapato.

Amalume anali atafunsidwa kale kawiri ndi abwana awo. Kunyumba sankakalipa, koma ankadya mwakachetechete, ndipo zimenezo zinkamupweteka mwanayo kuposa kukalipa.

Lamulungu foni inalira. Amalume anayang'ana nambala, anamupatsira, n'kutuluka panja.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Ndamva kale," anatero amayi. Mawu awo anali ouma. "Anandiimbira akuluakulu Lachisanu. Ndiwe unalemba?"

"Ndine."

"Anakutuma ndani? Achimwene?"

"Palibe. Amalume anandiletsa."

"Unkadziwa kuti ukalemba sindibwera?"

"Ndinkadziwa."

Kapensulo ankamva kupuma kwa amayi ake, ndi mwana wakhanda akulira chapatali. Kenako anamva kuti amayi akulira, ndipo iyenso analephera kudzigwira.

"Zaka zinayi, mwana wanga. Ndimawerenga masiku ngati wandende. Bwanji sunandiuze?"

"Ndinaopa kuti mukandiuza kuti ndisiye, ndisiyadi. Amayi, mbali ya kum'mawa anaichotsa yonse. Pochirira palibe. Mukanabwera kudzathandiziranso anthu pakhonde."

Amayi anayankhula pang'onopang'ono.

"Zimenezo sanandiuze."

"Zili papepala. Ndili nalo."

"Chabwino. Pukuta misozi, umve. Ndikubwera Loweruka."

Kapensulo anaimirira.

"Mukubwera?"

"Osati kudzakhala. Andiitana kuti Lolemba lake ndikaonekere pamaso pa akuluakulu. Akuganiza kuti ndine ndinakutuma, ndipo akuti ndipite ndi kalata yanga ija ya nyumba. Kaya akufuna kuiona, kaya akufuna kuilanda, sindikudziwa. Akuti iwenso ukafike, pamodzi ndi amalume ako."

"Pepani, amayi."

"Kupepesa kudikire. Udzandichingamire kudepoti, basi imafika dzuwa likupendeka. Ubwere ndi mapepala akowo, onse anayi. Ndikufuna ndiwaone ndi maso anga ndisanadziwe ngati ndikukalipire kapena ndikuyamike."

"Ndidzabwera nawo."

"Ndipo udzaime poonekera, pafupi ndi khomo la basi, udzayambe ndiwe kundiitana. Achimwene akuti watalika kundiposa. Ndikuopa kuti ndingadzakudutse osakuzindikira."